Dzina la pa msewu wa ku Joni, ndi dimba la ku Bawi

Yohane wa ku Joni: Mwaswera bwanji abale nonse. Taonani chithunzi ndatumizachi. Msewu uwu ndimaudutsa m'mawa uliwonse popita ku ntchito, chaka chachinayi chino, koma lero ndi pamene ndaima n'kuwerenga chikwangwani chake bwinobwino: Pixley ka Isaka Seme Street. Madala a kuno amangoti Sauer Street, dzina lakale. Likulu la chipani cha ANC lija amati Luthuli House lili mumsewu womwewu. Ndafunsa mnzanga wa Chizulu amene timalondera limodzi, wangoti "anali loya", basi. Aphunzitsi a Maseko, ameneyu ndani kuti mpaka amupatse msewu wa pakati pa tauni?

Gift wa kabaza, Lizulu: Pixley? Ine ndimayesa ndi mankhwala opopera kachewere ku Tsangano 😂

Aphunzitsi a Maseko: Gift, iwe kusukulu unkangobwerera mpira. Yohane mwana wanga, wafunsa bwino, dikira ndivale magalasi.

Munthuyu anabadwa mu 1881 ku Natal, anakulira pa mishoni ya Inanda kufupi ndi Durban. Ka "ka" kali pakatipo m'Chizulu ndiye kuti "mwana wa", choncho ndi Pixley mwana wa Isaka Seme. Dzina la Pixley analitenga kwa m'busa wa ku America amene anamuthandiza pa sukulu. Anawoloka nyanja akadali mnyamata, anakaphunzira ku Mount Hermon, kenako ku Columbia University ku New York. Mu 1906 anapambana mpikisano wa kuyankhula pagulu pa sukulupo. Tangoganizani, holo yodzaza azungu, iye n'kuimirira kunena kuti ndine munthu wa mu Africa ndipo mtundu wanga ndimaunyadira. Atachoka uko anapita ku Oxford, ndipo mu 1910 anamulandira kukhala loya ku bungwe la maloya la Middle Temple mu London.

Pobwerera kwawo anapeza azungu a Chingerezi ndi Mabunu angogwirizana kumene kupanga Union of South Africa, wakuda atamusiya panja. Mu 1911 analemba mu nyuzipepala ya Imvo Zabantsundu kuti chikutigonjetsa ndi udani wa mitundu, Mzulu kuda Mthonga, Mxhosa kuda Mfengu, Msuthu kudzipatula. Anaitanitsa msonkhano wa mafumu ndi anthu ophunzira, ndipo unachitikadi pa 8 January 1912 ku Bloemfontein. Apo ndi pamene panabadwira bungwe limene mu 1923 linatchedwa ANC. Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti woitanayo sanadzitengere mpando wa patsogolo. Pulezidenti anakhala John Dube, mlembi wamkulu Sol Plaatje, iye anangokhala msungichuma.

Yohane wa ku Joni: Ndiye kuti ANC anayambitsa si Mandela? Ine ndinkadziwa choncho moyo wanga wonse.

Aphunzitsi a Maseko: Mandela anabadwa mu 1918, chipani chili kale ndi zaka zisanu ndi chimodzi.

Ndipo sindinamalize. Chaka chomwecho cha 1912 Seme anayambitsa nyuzipepala, dzina lake Abantu-Batho, kutanthauza "anthu" m'Chizulu ndi m'Chisuthu. Inkatuluka m'Chingerezi, Chizulu, Chixhosa ndi Chisuthu mu pepala limodzi, kuti aliyense apeze tsamba lake. Ndalama zoyambira anapereka ndi Mfumukazi Labotsibeni ya ku Swaziland, agogo ake a Mfumu Sobhuza II. Kunena zoona, ntchito ya tsiku ndi tsiku ya ukonzi ankagwira kwambiri anzake monga Cleopas Kunene ndi Daniel Letanka, koma mwini maganizo ndi wofunafuna ndalama anali iye. Pepalalo linakhala mpaka 1931.

Gift wa kabaza, Lizulu: Eee ndiye kuti ndalama inachokera kwathu ku Swazi! Ife a Maseko tinaikamo sheya mu ANC osadziwa. Achimwene a Yohane mawa mulowe mu Luthuli House mukatenge gawo lathu.

Naphiri, adimini: Gift, mfunda wako ndi Mbewe, u Maseko wauyamba liti?

Gift wa kabaza, Lizulu: Pa Umhlangano ku Nkolimbo ndimavala nthenga ngati aliyense, mayi.

Aphunzitsi a Maseko: Nthabwala ili apo, koma ubale wake ndi Aswazi unali weniweni. Anali loya wa banja lachifumu. Mu 1907 Angerezi anagawa dziko la Swaziland, eni ake n'kutsala ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Seme anaperekeza Sobhuza ku London kukadandaula, mlandu unakafika mpaka ku Privy Council, khothi lalikulu la apilo la ku London, mu 1926, koma anagonja. Anakwatiranso mwana wa Dinuzulu, mfumu ya Azulu. Loya, wandale, mwini nyuzipepala, mkamwini wa kubwalo. Anthu otere sabadwa kawirikawiri.

Nangozo wa ku Bawi: Pepani aphunzitsi, ndakhala ndikuwerenga chete koma mtima wandikana. Mukamati loya, wandale, wanyuzi, inu mukuona ulemerero. Ine ndikuona munthu amene anatidyera ng'ombe.

Ena pano mukudziwa za dimba la malemu amayi, lija la m'mbali mwa mtsinje limene tinkalimamo tomato ndi mpiru. Kunabwera bambo wina wa bizinesi wa pa boma ndi kapepala koti anagula kwa atsibweni athu, pomwe atsibweniwo anamwalira kale, sangayankhe. Kwa amfumu tinawina, kwa gulupu tinawinanso. Iye anakatisumira kukhothi. Tinakhala pansi pachibale, tinagulitsa ng'ombe imodzi ndi matumba 20 a chimanga, n'kukapeza loya ku Lilongwe. Ulendo woyamba anabwera, suti yakuda, Chingerezi chokhachokha, ife kumbuyo mitima ili m'malo. Wachiwiri anabweranso. Kenako zinamveka kuti akufuna uphungu kwawo. Kuyambira pamenepo foni inkayankhidwa ndi kamnyamata, "bwana ali pa msonkhano". Tsiku la mlandu sanabwere, anatumiza uthenga kuti ausunthe. Anausuntha. Tsiku linalo sanabwerenso, uthenga womwe panalibe. Chigamulo chinakomera winayo.

Anatiuza pa foni kuti musadandaule, tichita apilo. Nditaona kuti miyezi ikutha ndinakwera minibasi ndekha mpaka ku ofesi kwake. Ndinakhala pa benchi kuyambira 9 koloko mpaka 2. Mtsikana wa pa desiki anali wa ulemu, sindinganame, anandipatsa ndi madzi. Pofunafuna fayilo yathu anaipeza pansi pa mabelo a nsalu za kampeni, nsalu zake zojambulidwa nkhope ya bwanayo akumwetulira. Anaikoka, inatuluka itapindika ngati chigumu, pamwamba pali chizindikiro cha kapu ya tiyi. Atatsegula, pepala lomaliza linali lomwe lija la chaka chatha. Apilo sanalembe n'komwe.

Chondiwawa kwambiri, loya ameneyu amalemba mu nyuzipepala pafupifupi sabata iliyonse za ufulu wa anthu a kumudzi pa malo awo. Mwana wanga amandiwerengera. Amalemba bwino zedi.

Yohane wa ku Joni: Achemwali, zonsezi osandiuza bwanji? Ine ndimayesa apilo ili m'kati.

Nangozo wa ku Bawi: Ndikanakuuzani bwanji achimwene, pomwe theka la ndalama ija munatumiza ndinu mutagona panja usiku kulondera nyumba za eni?

Gift wa kabaza, Lizulu: Mutchuleni dzina ameneyo timudziwe. Wa chipani chanji?

Naphiri, adimini: Ayi. Pagulu pano dzina la munthu kapena chipani pa nkhani yotere sizitchulidwa, tinagwirizana kale. Mawa tidzapezeka tonse ku polisi chifukwa cha sikirinishoti. Nangozo, pepani kwambiri asisi.

Mada, wa sukulu ya malamulo ku Zomba: Anti a Nangozo, nkhani yanu yandikhudza, ndipo aphunzitsi andikhululukire chifukwa pali mbali ya Seme imene sanafikepo. Zimene zakuchitikiranizi n'zomwe iye anachitira anthu ena. Kufupi ndi Pretoria kunali malo otchedwa Waverley, kumene anthu akuda ankafuna kuwasamutsa. Anasonkha ndalama, anthu osauka, n'kumulemba Seme kuti awaimirire. Iye mlanduwo anaunyalanyaza, za apilo sanazichite pa nthawi yake, ndalama atalandira. Nkhani inafika ku khothi lalikulu ndipo mu 1932 anamufufuta m'kaundula wa maloya. Nthawi imeneyo n'kuti ali pulezidenti wa ANC, mpando umene anautenga mu 1930 atagonjetsa Josiah Gumede. Anakhala zaka khumi osaloledwa kuimira munthu, anamubwezera mu 1942.

Upulezidenti wakenso anthu olemba mbiri sauyamikira. Ankafuna zonse zidutse mwa iye, ankakangana ndi anzake a mu komiti, ankadalira mafumu kuposa anthu ogwira ntchito m'migodi ndi m'mafakitale. Pomwe ankasiyira M'busa Mahabane mpando, chipani chinali chitatsala dzina lokha.

Aphunzitsi a Maseko: Mada, sindinabise, ndimafika. Koma poti wayamba, tiyeni tiyeze bwino. Munthu yemweyo mu 1912 anayambitsa bungwe la alimi akuda limene linagula minda ya azungu ku Daggakraal ndi ku Driefontein, cha ku Wakkerstroom, n'kuigawa kwa mabanja aliyense ndi chikalata chake. Chaka chotsatira, 1913, boma linakhazikitsa lamulo la malo loletsa wakuda kugula malo kunja kwa madera ochepa amene anawapatula, pafupifupi 7 peresenti ya dziko lonse. Iye anali atawagulira kale anthu ake chitseko chisanatsekedwe. Patapita zaka 70 boma la tsankho linafuna kusamutsa anthu a ku Driefontein, iwo anakana, mtsogoleri wawo Saul Mkhize anawomberedwa ndi wapolisi mu 1983, koma mudziwo sunasamuke. Zidzukulu zawo zili pomwepo mpaka lero. Ndiye munthu wapulumutsa midzi yathunthu, wayambitsa chipani chimene chinadzagwetsa tsankho, timuweruze ndi mlandu umodzi?

Nangozo wa ku Bawi: Aphunzitsi, mwa ulemu wonse, kwa inu ndi mlandu umodzi. Kwa mayi wa ku Waverley amene anagulitsa mbuzi yake kuti asonkhe nawo, unali mlandu wokhawo umene anali nawo pa moyo wake. Achimwene a Yohane, mukamayenda mu Joni monsemo, munaonapo msewu wolembedwa dzina la mmodzi wa anthu amenewo?

Yohane wa ku Joni: Sindinauone achemwali. Koma wa Seme uliponso wina ku Durban, waukulu, umene kale unali West Street.

Aphunzitsi a Maseko: Nangozo, wandigwira pakamwa. Sindikuti zimene anachita zinali bwino. Ndikungoti nthawi imeneyo maloya akuda mu South Africa yense ankawerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Mfumu ikafuna loya, ndi iye. Chipani chikafuna ndalama, ndi iye. Nyuzipepala ikasowa pepala losindikizira, ndi iye. Sanachite kusankha mapanga awiri, mvula inamupeza ali yekha pabwalo.

Gift wa kabaza, Lizulu: Koma wa a Nangozoyu mvula yake ndi iti? Maloya adzaza Lilongwe ngati kabichi pa Lizulu. Ameneyo ndi ichi chakoma ichi chakoma basi.

Atsibweni a Nkhoma, Nsipe: Akulemba ndi mdzukulu wanga, ine maso anatha. Ndamva zonse. Ine Joni ndinapita pa Wenela ndili mnyamata, dzina la Seme ndinalimva kwa madala a mu komponi, koma iye n'kuti atamwalira kale mu 1951. Chimene ndikufuna kukukumbutsani ana inu n'chakuti musamapite kutali, wathu tinali naye kuno. Orton Chirwa. Loya woyamba wakuda wa dziko lino, anabwera kuchokera ku London mu 1958. Pa 3 March 1959 azungu atagwira anthu a chipani cha Nyasaland African Congress, a Kamuzu n'kuwatsekera ku ndende ya Gwelo ku Southern Rhodesia, iyenso anamangidwa kanthawi. Atatuluka ndi amene anayambitsa Malawi Congress Party chaka chomwecho, ndi Aleke Banda ali kamnyamata. Nyuzipepala ya Malawi News inayamba nthawi yomweyo ngati pepala la chipani, mkonzi wake Aleke. Kuno inkafika mochedwa, itayenda m'manja ambiri, mmodzi amawerenga mokweza ena tili phee pansi pa mtengo. A Kamuzu atatuluka mu April 1960, Orton anawapatsa mpando osalimbana nawo.

Mapeto ake mukuwadziwa. 1964 anali nduna ya zamalamulo, anasemphana ndi a Kamuzu pamodzi ndi nduna zinzake, anathawira ku Tanzania. Pa Khirisimasi ya 1981 anagwidwa cha ku malire a Zambia ndi mkazi wake Vera ndi mwana wawo. Tsono imvani apa. Anakawazenga ku khothi la mafumu, Traditional Court, kumene loya sankaloledwa kulowa kudzaimira munthu. Bambo loya, mayi loya, koma anaima okha opanda wowayankhulira. Anawagamula kuti aphedwe mu 1983, kenako anasintha kuti akhale moyo wonse m'ndende. Orton anafera ku ndende ya Zomba mu October 1992, a Vera anatuluka mu January 1993. Makhothi omwewo ndi amene anaweruza mwana wa kuno kwathu Albert Muwalo, amene ananyongedwa mu 1977.

Ndiye mwana wanga Nangozo, ine ndinaona nthawi imene loya analipo koma osaloledwa kuyankhula. Iwe waona nthawi imene waloledwa, walipidwa, koma sakubwera. Sindikudziwa chowawa kwambiri n'chiti.

Mada, wa sukulu ya malamulo ku Zomba: Agogo, zikomo. Kuwonjezera pang'ono, makhothi aja anachokera pa makhothi a m'madera amene Orton yemweyo anathandiza kukonza mu 1962 ali ku unduna wa zamalamulo. Cholinga chinali chabwino, kuti milandu ya kumudzi izithera pafupi, m'chiyankhulo chathu. Mu 1969 boma linawapatsa mphamvu zoweruza milandu ikuluikulu mpaka ya imfa. Nyumba anamanga nawo yekha, ena n'kudzaisandutsa khola lomutsekeramo.

Aphunzitsi a Maseko: Ndipo Seme naye, kuti nditsirize mbali yanga, atabwezeredwa uloya anatenga mnyamata wina mu ofesi yake, Anton Lembede, amene mu 1944 anakhala pulezidenti woyamba wa achinyamata a ANC, gulu la a Mandela, Tambo ndi Sisulu. Nkhalamba imene inagonetsa chipani ndi yomwe inasunga mnyamata amene anadzachidzutsa. Ine pamenepa m'pamene ndimalephera kumutaya.

Nangozo wa ku Bawi: Musamutaye aphunzitsi, msungeni. Ine ndikungofuna dimba la amayi. Mvula ikubwerayi bambo wa bizinesi uja wayamba kale kuumba njerwa m'mphepete mwake.

Gift wa kabaza, Lizulu: Mlandu suwola anti, limbani mtima.

Mada, wa sukulu ya malamulo ku Zomba: Gift, kwa amfumu suwoladi, koma kukhothi apilo ili ndi masiku ake, ukachedwa chitseko chimatsekeka. Anti, ine sindinakhale loya, ndikadali pa sukulu, ndiye izi mukazitsimikize kwa amene ali ndi chilolezo. Komabe njira ilipo. Munthu akhoza kupempha khothi kuti limulole kuchita apilo ngakhale nthawi yadutsa, bola afotokoze chifukwa chomveka chimene anachedwera, ndipo asachedwenso pamene wadziwa. Inu chifukwa muli nacho. Akhozanso kupempha kuti kumangako kuyambe kwaima mpaka nkhani imveke.

Choyamba, fayilo ija ndi yanu, kaitengeni. Mukalembe kakalata kakafupi kopempha fayilo, mapepala awiri ofanana, limodzi akasayine kuti alandira mubwere nalo. Mukatengenso kope ya chigamulo kwa kalaliki wa khothi pa boma. Mukatero mupite ku Legal Aid Bureau, ndi ofesi ya boma yothandiza amene sangakwanitse kulipira loya. Za loya wanu uja, dandaulo limapita ku Malawi Law Society, molemba, ndi umboni wa ndalama zimene munapereka. Amene anamugwetsa Seme sanali adani ake a ndale ayi, chinali chidandaulo cha mtundu womwewu. Malisiti muli nawo?

Nangozo wa ku Bawi: Anatipatsa awiri. Ndalama yachitatu tinatumiza pa foni.

Mada, wa sukulu ya malamulo ku Zomba: Ya pa foniyo uthenga wake ngati simunafufute ndi umboni. Ngati munafufuta, ku ofesi ya kampani ya foni akhoza kukusindikizirani mndandanda wa zimene munatumiza, mupite ndi chiphaso chanu cha unzika.

Naphiri, adimini: Kalatayo ndikhoza kukutayipirani kuno ku boma, mungondipeza ku sitolo Lolemba m'mawa musanakwere. Mada, unditumizire mawu ake ku inbox.

Yohane wa ku Joni: Thiransipoti ya ku Lilongwe ndi yanga, nditumiza Loweruka ndikalandira. Koma achemwali ulendo uno musapite nokha, mutengane ndi alamu. Ndipo mukafika musakakhalenso pa benchi mpaka 2 koloko.

Atsibweni a Nkhoma, Nsipe: Mutengenso kalata ya amfumu ndi ya gulupu, zija munawina nazo. Asakakuuzeni kuti za kumudzi zilibe ntchito.

Gift wa kabaza, Lizulu: Ine pa njinga sindingafike ku Bawi, mafuta akwera. Koma mukamadutsa pa Lizulu muimitse minibasi, ndikupatsirani kabichi awiri pa windo, mmodzi wanu mmodzi wa mtsikana wa pa desiki uja anakupatsani madzi.

Nangozo wa ku Bawi: Ndapita kukayang'ana m'chitini cha amayi momwe timasunga mapepala. Lisiti imodzi ili bwinobwino. Inayo chiswe chadya ngodya, pomwe panali deti, koma ndalama ndi sitampa zikuoneka. Imeneyi ikagwira ntchito, Mada?

Mada, wa sukulu ya malamulo ku Zomba: Ijambuleni momwe ililimo, kutsogolo ndi kumbuyo, munditumizire. Musaimate ndi selotepi.